Tchalitchi cha Marko Woyera ku Venice: golide pamwamba, mchere pansi

Pakati pa Okutobala ndi Disembala, pa intaneti pamakonda kuyenda zithunzi za anthu ovala majombo akuwoloka madzi kutsogolo kwa tchalitchi chachikulu cha madenga asanu ozungulira ku Venice, m'dziko la Italy. Nkhani zotsagana ndi zithunzizi nthawi zambiri zimasiya owerenga ndi mafunso. Ena amachitcha basilika, ena katedralo. Ena amalemba kuti madzi adafika masentimita 187, koma pachithunzi akulekeza m'chiuno. Timamvanso kuti boma lidawononga mabiliyoni kutseka nyanja, komabe amisiri akuti tchalitchicho chikadali pachiswe. Ndipo penapake m'nkhanizo mumatulukira maina a Egypt ndi Istanbul.

Zonsezi zimalumikizana pa chinthu chimodzi. Pafupifupi chilichonse chamtengo wapatali chomwe chili m'tchalitchi cha Marko Woyera chidabwera pa chombo, kuyambira mafupa a woyerayo mpaka miyala ya m'makoma, ndipo nyanja yomweyo ndiyo ikuchidya kuyambira pansi.

Mzinda womangidwa pa matope

Venice ili m'kati mwa thamanda lalikulu la madzi amchere, la masikweya kilomita pafupifupi 550, lomwe lidatchingidwa ku nyanja ya Adriatic ndi zilumba zazitali zamchenga. Madzi a m'nyanja amalowa ndi kutuluka pa zipata zitatu: Lido, Malamocco ndi Chioggia. Mainawa muwasunge, tidzawafunanso.

Pansi pa mzindawu palibe thanthwe. Amisiri akale ankakhomera mitengo yosongoka m'matope, yothithikana kwambiri, kuti dothi lilimbe. Pamwamba pake ankayala matabwa, kenako miyala, kenako njerwa. Mtengo wokwiriridwa m'matope onyowa suwola msanga chifukwa mpweya sufikako, ndipo chiswe ndi nkhungu sizingakhaleko. Koma chinsinsi chenicheni chinali mwala woyera wochokera ku Istria, tsidya lina la nyanja. Mwalawu sumwa madzi kwenikweni, choncho ankauyala pa msinkhu womwe madzi ankafika, kuti chinyontho chisakwere ku njerwa. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya pulasitiki wakuda yemwe mmisiri amayala pamwamba pa fawundeshoni asanayambe kukweza khoma. Njirayi imagwira ntchito pokhapokha madzi akamalekeza pansi pa mwalawo. Akadutsa, njerwa zimayamba kumwa.

Mafupa ochokera ku Alexandria

Akatolika, monganso akhristu a kum'mawa otchedwa a Orthodox, amalemekeza zotsala za oyera, kutanthauza mafupa kapena zinthu zomwe woyera ankagwiritsa ntchito. Sazipembedza, koma amazisunga ngati umboni wa munthu yemwe adatumikira Mulungu mokhulupirika. Ku Ulaya wakale, zotsalazi zinalinso ndi mphamvu ya ndale. Mzinda wosunga thupi la mtumwi kapena mlembi wa Uthenga Wabwino unkalemera mawu, ngati mmene banja losunga manda a makolo limakhalira ndi liwu pa mlandu wa malo.

Mwambo wa Mpingo umati Marko, mlembi wa Uthenga Wabwino, ndiye adayambitsa mpingo wa ku Alexandria ku Egypt, ndipo adaphedwa kumeneko cha m'chaka cha 68. Nkhani ya anthu a ku Venice imati mu 828 amalonda awiri, Buono da Malamocco ndi Rustico da Torcello, adatenga thupi lake ku Alexandria, nalibisa m'dengu pansi pa nyama ya nkhumba kuti alonda achisilamu a padoko asafufuze. Anthu a ku Venice sadaibise nkhaniyi. Adaijambula pakhoma lakutsogolo la tchalitchi, ndipo ilipo mpaka lero.

Chaka chomwe izi zidachitika chili ndi tanthauzo. Mu 827, msonkhano wa maepiskopi ku Mantua udagamula kuti mpingo wa ku Grado, womwe unkayang'anira zilumba za Venice, ukhale pansi pa Aquileia, mzinda wa kumtunda womwe unkati udalandira chikhulupiriro kwa Marko mwini. Patangopita chaka, thupi la Marko lidafika ku Venice. Akatswiri ambiri a mbiri amaona kuti zinthu ziwirizi sizidangokumana mwangozi. Kufikira nthawi imeneyo nkhoswe ya mzinda inali Theodore Woyera, msilikali wolemekezedwa mu ufumu wa Agiriki wa ku Constantinople, mzinda womwe lero umatchedwa Istanbul. Marko atalowa m'malo, mkango wamapiko, chizindikiro chake, udakhala chizindikiro cha dziko lonse, pa mbendera za zombo ndi pa zipata za mizinda yomwe Venice inkalamulira.

Mafupawo adasowa kangapo m'mbiri. Mwambo umati mu 1094, pomaliza tchalitchi chomwe chilipochi, palibe ankadziwa pomwe adabisidwa mpaka pomwe mzati wina udang'ambika nkuwaonetsa. Mu 1811 adapezekanso m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, ndipo mu 1835 adawaika pansi pa guwa lalikulu, pomwe ali lero. Akhristu a Mpingo wa Coptic wa ku Egypt amakhulupirira kuti mutu wa Marko udatsala ku Alexandria. Mu Juni 1968, pokumbukira zaka 1,900 chiphedwere woyerayo, Papa Paulo VI adapereka kachidutswa ka fupa kwa nthumwi za Papa Cyril VI wa Mpingo wa Coptic. Kadaikidwa m'katedralo yatsopano ya Marko Woyera ku Cairo, yomwe idatsegulidwa pamaso pa Gamal Abdel Nasser, mtsogoleri wa Egypt, ndi Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia.

Basilika, katedralo kapena tchalitchi cha boma?

Katedralo si tchalitchi chachikulu chabe. Ndi tchalitchi chomwe muli mpando wa episkopi wa dayosizi, ndipo dzinalo lidachokera ku liwu lachigiriki lotanthauza mpando. Likhoza kukhala laling'ono kuposa tchalitchi cha parishi yoyandikana nayo. Basilika poyamba linali dzina la mtundu wa nyumba za Aroma zoweruziramo milandu, kenako lidasanduka dzina laulemu la matchalitchi ena ofunika. Tchalitchi chimodzi chikhoza kukhala zonse ziwiri, ndipo cha Marko Woyera lero ndi chotero.

Chomwe chimadabwitsa ambiri nchakuti kwa zaka pafupifupi 1,000 tchalitchichi sichinali cha episkopi. Chinali cha doge, mtsogoleri wosankhidwa wa dziko la Venice, ndipo chidagundana ndi nyumba yake yachifumu. Doge ndiye ankasankha wansembe wamkulu wake, wotchedwa primicerio. Ndalama ndi zomangamanga zinkayang'aniridwa ndi akuluakulu a boma otchedwa procuratori. Doge watsopano ankaonetsedwa kwa anthu m'menemo, akazembe a nkhondo ankalandiriramo mbendera, ndipo mu 1177 Papa Alexander III ndi Mfumu Frederick Barbarossa ya ku Germany adayanjanira pakhomo pake. Episkopi, yemwe kuyambira 1451 ankatchedwa patriarki, anali ndi mpando wake ku San Pietro di Castello, kumalire a kum'mawa kwa mzinda, kutali ndi bwalo la boma. Zili ngati mfumu kumanga nyumba yopemphereramo pabwalo lake, abusa nkuwapatsa malo kuseri kwa dambo. Dziko la Venice linkafuna Mpingo, koma silinkafuna kuti Mpingo ulilamulire.

Ulamuliro wa adoge udatha pa 12 Meyi 1797 asilikali a ku France otsogozedwa ndi Napoleon atayandikira. Mu 1807 mpando wa patriarki udasamutsidwira ku Marko Woyera, ndipo Roma idavomereza mu 1821. Apatriarki atatu a ku Venice adakhala apapa m'zaka za m'ma 1900: Pio X mu 1903, Yohane XXIII mu 1958 ndi Yohane Paulo I mu 1978. Ofesi yosamalira nyumbayi imatchedwabe Procuratoria, ndipo mmisiri wake wamkulu amatchedwabe proto, monga kale.

Nyumba ya njerwa yovala miyala ndi galasi

Tchalitchi choyamba, cha m'ma 830, chidapsa mu 976 pomwe anthu adaukira doge Pietro IV Candiano nkuyatsa nyumba yake. Chomwe tikuona lero chidayambika mu 1063 pansi pa doge Domenico Contarini ndipo chidadalitsidwa mu 1094. Amisiri adatengera tchalitchi cha Atumwi Oyera cha ku Constantinople, chomwe kulibenso. Maonekedwe ake ndi a mtanda wa mikono yofanana, denga limodzi lozungulira pakati ndi limodzi pa mkono uliwonse. M'litali ndi mamita pafupifupi 76, m'lifupi pafupifupi 62. Madenga omwe amaoneka kunja si enieniwo. Enieni ndi a njerwa, afupi, ndipo m'zaka za m'ma 1200 adawaveka ena aatali a matabwa okutidwa ndi mtovu kuti tchalitchi chizioneka kwa ofika pa chombo.

Thupi la nyumbayi ndi njerwa. Miyala ya mabo yamitundumitundu ndi chovala chabe, mapale opyapyala omangiriridwa kukhoma ndi tizitsulo. Mizati yoposa 500, yambiri yotengedwa ku nyumba zakale za kum'mawa, idaikidwa kwa zaka mazana.

Pamwamba pa mabo pamayambira mozaiki, zithunzi zopangidwa ndi tizidutswa tating'ono ta galasi ndi miyala tomatidwa m'laimu wosauma. Mozaikiyu amakuta masikweya mita oposa 8,000, kuposa bwalo la mpira. Kadutswa ka golide kamapangidwa motere: pa galasi lokhuthala amayalapo golide wopyapyala kuposa pepala, pamwamba nkuphimba ndi galasi lina lopyapyala, zonse nkuziwotcha kuti zigwirane, kenako nkudula timabwalo. Mmisiri samata tizidutswato mosalala. Kalikonse amakapendeketsa pang'ono mosiyana ndi kanzake, ndipo nchifukwa chake denga limaoneka ngati likuyenda munthu akamasuntha. Kufooka kwake kulinso pomwepo. Chinyontho chikalowa pakati pa magalasi awiriwo, lapamwamba limasupuka, golide nkutha. Laimu wa kumbuyo akafumbwa ndi mchere, gawo lonse limatukumuka nkulekana ndi khoma.

Pansi pake, masikweya mita oposa 2,000, ndi pa timiyala todulidwa mwaluso, pali zithunzi za nkhanga zamtundu wa pikoko, ziwombankhanga ndi nyama zina. Pansipo mpokwera ndi kutsika ngati mafunde, chifukwa dothi lidatitimira mosiyana malo ndi malo.

Kamangidweka kadakhudzanso nyimbo. Oimba a m'tchalitchichi, kuyambira Adrian Willaert yemwe adafika mu 1527 mpaka Giovanni Gabrieli, adatchukitsa kuimba kwa makwaya awiri oyankhizana kuchokera mbali ziwiri. Claudio Monteverdi adatsogolera kwayayi kuyambira 1613 mpaka imfa yake mu 1643.

Akavalo anayi ndi chaka cha 1204

Pamwamba pa khomo lalikulu pali akavalo anayi. Omwe ali panjawo ndi ofanizira. Enieni, a mkuwa wokutidwa ndi golide, adalowetsedwa m'kati kumayambiriro a zaka za m'ma 1980 chifukwa utsi wa m'mafakitale unkawadya. Akatswiri sagwirizana za zaka zawo, koma onse amavomereza kuti ndi a nthawi ya Agiriki kapena Aroma akale.

Adafika bwanji? Mu 1204 gulu la nkhondo la akhristu a kumadzulo, lomwe lidanyamuka ponena kuti likukamenyera malo oyera, lidathera ku Constantinople, mzinda wa akhristu anzawo, nkuufunkha. Zombo zinali za Venice, ndipo doge Enrico Dandolo, nkhalamba yosaona, anali m'gulu la atsogoleri. Akavalo, mizati, zikho za Misa ndi zina zambiri zidapita ku Marko Woyera. Ngakhale Pala d'Oro, chotchinga cha golide cha kuseri kwa guwa chomwe chili ndi miyala yamtengo pafupifupi 2,000, chidakulitsidwa mu 1209 ndi zidutswa zochokera kumeneko. Pangodya ya tchalitchi pali chosema cha mwala wofiirira cha mafumu anayi achiroma okumbatirana. Phazi la mmodzi lidaduka, ndipo chidutswa chosowacho chidafukulidwa ku Istanbul m'zaka za m'ma 1960. Chili m'nyumba yosungira zakale kumeneko. Umboni woposa pamenepa ngwosowa.

Ofunkha nawonso adafunkhidwa. Mu 1797 Napoleon adatengera akavalowo ku Paris, ndipo adabwezedwa mu 1815. Bala la 1204 pakati pa Akatolika ndi a Orthodox lidakhalitsa. Mu 2001 ku Athens, Papa Yohane Paulo II adanena poyera za chisoni chake pa zomwe zidachitikazo.

Kodi masentimita 187 amatanthauza chiyani?

Anthu a ku Venice amati acqua alta, kutanthauza madzi okwera. Si kusefukira kwa mtsinje, ndipo mvula si gwero lake lenileni. Nyanja imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi ndi dzuwa. Pamwamba pa kukwera kwa masiku onseku pamawonjezereka zinthu zitatu. Mphepo ya scirocco, yochokera kummwera chakum'mawa, imakankhira madzi kumutu kwa Adriatic komwe kuli Venice. Mpweya wa mumlengalenga ukapepuka pa nthawi ya namondwe, nyanja imatukumuka, pafupifupi sentimita imodzi pa hectopascal (muyeso wa kulemera kwa mpweya) iliyonse. Ndipo popeza Adriatic ndi yaitali komanso yotsekeka mbali imodzi, madzi ake amagavira uku ndi uku ngati a m'beseni lomwe mwaligwedeza, kubwerera pakatha maola pafupifupi 22, mwina kwa masiku angapo namondwe atapita kale.

Nambala yomwe mumamva pa nkhani si kuzama kwa madzi mumsewu. Imawerengedwa kuchokera pa chizindikiro cha ku Punta della Salute, malo oyezerapo madzi mu mzindawu, chomwe chidakhazikitsidwa potengera msinkhu wa nyanja wa mu 1897. Kuti mudziwe kuzama, chotsani msinkhu wa malo omwe mwaimapo. Bwalo la Marko Woyera limayamba kulowa madzi pa masentimita 80 mpaka 90, choncho pa 187, usiku wa pa 12 Novembala 2019, madzi pabwalo anali pafupifupi mita imodzi. Okwera kuposa onse m'kaundula ndi a pa 4 Novembala 1966, masentimita 194. Pa 110, magawo pafupifupi 12 mwa 100 a mzinda amanyowa. Pa 140, oposa theka.

Tsoka la tchalitchichi nlakuti khonde lake lamkati, lomwe akatswiri amati nartece, ndi amodzi mwa malo otsikitsitsa mu mzinda wonse, masentimita 60 ndi pang'ono okha pamwamba pa chizindikiro chija. M'zaka za m'ma 1900 mzinda udataya masentimita pafupifupi 23 poyerekeza ndi nyanja. Pafupifupi theka lidabwera chifukwa cha kukwera kwa nyanja, lotsalalo chifukwa cha kutitimira kwa nthaka, komwe kudafulumira pomwe mafakitale a ku Porto Marghera, kumtunda pafupi ndi mzindawu, ankapopa madzi a pansi panthaka. Kupopako kudaletsedwa m'zaka za m'ma 1970, koma nthaka yotitimira sibwereranso. Lero nyanja ikangokhala pakatikati ili kale masentimita 30 kapena kuposerapo pamwamba pa chizindikiro, ndiye kukwera wamba, kopanda mphepo, kumakwanira kufika pakhonde. Madziwo sankachita kulowera pakhomo. Ankatumphuka pansi, kudzera m'ngalande zakale zomwe zidakumbidwa kuti zizitulutsa madzi a mvula.

Mchere ndiye mdani weniweni

Apa mpofunika kuchedwapo, chifukwa zithunzi za chigumula zimabisa chomwe chikuwononga nyumbayi. Madzi amabwera nkupita pakatha maola ochepa. Mchere supita.

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Njerwa ili ndi timabowo tosaoneka, ndipo imakoka madzi kukwera nawo ngati chingwe cha nyali chimakokera parafini. Madziwo akafika pomwe angaume, amauluka, mchere nkutsala m'timabowo. Ukamauma umapanga timibulu tomwe timakula nkukankha njerwa kuchokera m'kati. Mchere wa mtundu womwe timadyawu umasungunuka chinyezi cha mumpweya chikapitirira magawo 75 mwa 100, nkuumanso chikatsika. Ku Venice chinyezi chimadutsa malire amenewa mobwerezabwereza, choncho mchere womwe udalowa zaka zambiri zapitazo umapitiriza kusungunuka ndi kuuma, ulendo uliwonse nkufumbula pang'ono. Njerwa imasanduka ufa wofiira.

Chovala cha mabo chimakulitsa vutoli. Popeza khoma silingapume pomwe lavekedwa mwala, chinyontho chimakwera mamita angapo kufunafuna potulukira, mpaka kufika pomwe payambira mozaiki. Tizitsulo tomangira mapale timachita dzimbiri, dzimbiri limatupa, mwala nkung'ambika. Miyala ina, monga wofiira wa ku Verona, ili ndi mitsempha ya dongo yomwe imamwa madzi, ndipo matsinde a mizati amasupuka ngati anyezi.

Kukonza kumayenda pang'onopang'ono. Madzi akangophwera, antchito amatsuka pansi ndi madzi opanda mchere, kangapo. Mapale odwala amawalemba manambala, kuwachotsa, nkuwaviika m'matanki a madzi osungunulidwa bwino. Madziwo amawasintha ndi kuwayeza mpaka mchere utasiya kutuluka, zomwe zimatenga milungu kapena miyezi. Chomwe sichingachotsedwe amachimata phala la mapepala kapena dongo lonyowa, lomwe likamauma limayamwa mchere, nkulichotsa, nkumatanso lina. Khoma lofumbwa amalikonza ndi njira yotchedwa scuci e cuci, kusula ndi kusoka: amachotsa njerwa zochepa, kulowetsa zatsopano, kudikira kuti zigwire, nkusunthira patsogolo, kuti nyumba isatsale yopanda chochirikiza. Mozaiki wotukumuka amayamba amujambula ndi kudinda maonekedwe ake, amamata nsalu pamwamba kuti kadutswa kalikonse kakhale pamalo pake, amamuchotsa m'zigawo, amakonza khoma, nkumubwezera pa laimu watsopano. Simenti siyenera pa ntchito yotere. Ndi yolimba kuposa njerwa zakale, salola khoma kupuma, ndipo imabweretsa mchere wakewake.

Okonza nawo adalakwitsapo. M'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, mmisiri Giovanni Battista Meduna adachotsa mabo akale ambiri nkuika atsopano, ndipo mbali ina ya pansi adaisalaza. Alvise Zorzi wa ku Venice ndi John Ruskin, mlembi wa ku England, adadzudzula ntchitoyi mu 1877, William Morris adasonkhanitsa anthu ku England kuti aikane mu 1879, ndipo khoma lakutsogolo lidapulumuka. Mkangano umenewu ndi umodzi mwa yomwe idabala mfundo yomwe okonza nyumba zakale amatsata lero, yakuti chakale chisungidwe ngakhale chili chokalamba, m'malo mochisintha ndi chatsopano chowala. Phunziro lina lidabwera pa 14 Julayi 1902, pomwe nsanja ya mabelu, yotalika mamita pafupifupi 99, idagwa yonse m'mawa popanda kupha munthu. Idamangidwanso momwe idalili, pomwe idalili, nkutsegulidwa pa 25 Epulo 1912, tsiku la Marko Woyera.

MOSE ndi mpanda wa galasi

MOSE ndi zitseko 78 zachitsulo zoikidwa pansi pa zipata zitatu zija: 41 ku Lido m'mizere iwiri, 19 ku Malamocco ndi 18 ku Chioggia. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chitaliyana, koma limakumbutsanso Mose wogawa nyanja. Chitseko chilichonse ndi bokosi la mamita 20 m'lifupi, lomangiriridwa pansi ndi mahinjesi. Masiku onse limadzaza madzi nkugona pansi, zombo nkumadutsa pamwamba. Pakafunika kutseka, amapoperamo mpweya, madzi amatuluka, bokosi nkudzuka ngati chigubu chopanda kanthu chomwe mwachisiya pansi pa madzi. Kudzukaku kumatenga pafupifupi theka la ola.

Ntchitoyi idayamba mu 2003, idadya ndalama pafupifupi mabiliyoni 6 a euro, ndipo mu 2014 idagwedezeka ndi mlandu waukulu wa ziphuphu womwe anthu ambiri adamangidwa. Idateteza mzinda koyamba pa 3 Okutobala 2020. Pa 22 Novembala 2022, nyanja itakwera kupitirira masentimita 170 kunja kwa zitseko, misewu ya mu mzinda idakhala youma.

Nanga bwanji tchalitchi chidafunabe chitetezo china? MOSE idakonzedwa kuti izitsekedwa madzi akamayembekezeka kufika masentimita 110, ndipo m'zaka zoyamba ankadikira mpaka 130. Khonde la tchalitchi linkanyowa pa 60 ndi pang'ono. Pakatipa pali mpata wa pafupifupi theka la mita, ndipo madzi ambiri a pachaka amagwera momwemo. Kutseka zitseko pa msinkhu wotsika chotere kungatanthauze kutseka pafupipafupi kwambiri. Zombo za padoko zingamaime, ndipo thamanda, lomwe limadalira kulowa ndi kutuluka kwa nyanja kuti lichotse zonyansa za mu mzinda, lingaime ngati chithaphwi.

Choncho tchalitchi chidapatsidwa chitetezo chakechake. Poyamba adaika mavavu ndi mapampu m'ngalande za pansi pa khonde kuti madzi asatumphukenso. Kenako, kumapeto kwa 2022, adazunguliza kutsogolo ndi m'mbali mpanda wa magalasi okhuthala wofika m'chiuno, wokhoza kutchinga madzi mpaka pafupifupi masentimita 190 pa muyeso uja, wokhala ndi zipata zomwe amatseka madzi akamabwera. Tsopano bwalo likhoza kukhala dziwe khonde lili louma. Mpandawu udaikidwa ngati wongoyembekezera, podikira ntchito yaikulu yoteteza bwalo lonse mpaka masentimita 110.

Mafunso omwe sadayankhidwe

Loyamba ndi la mchere womwe uli kale m'makoma. Kuletsa madzi atsopano sikuuchotsa, ndipo khoma lomwe layamba kuuma limatha kufumbwa msanga kwa kanthawi chifukwa mchere wonse ukuuma pamodzi. Ntchito yousukulutsa ndi ya zaka makumi.

Lachiwiri ndi la MOSE. Nyanja ikapitiriza kukwera, zitseko zizitsekedwa kawirikawiri. Pali malire omwe doko, asodzi ndi zamoyo za m'thamanda sizingapirirenso, ndipo akatswiri amasiyana pa chaka chomwe malirewo adzafike. Mahinjesi ndi mabokosi okhala m'madzi amchere amafuna kuchotsedwa mchenga ndi dzimbiri nthawi zonse, pa mtengo waukulu chaka ndi chaka. Ena akufufuza zopopera madzi pansi kwambiri panthaka kuti mzinda wonse ukwere pang'ono, koma nyumba ya njerwa zakale ngati iyi ingang'ambike ngati mbali imodzi itakwera kuposa inzake.

Lachitatu ndi la alendo. Mapazi awo amapera timiyala ta pansi ndipo mpweya wawo umasintha chinyezi, koma ndalama zawo za pakhomo ndizo zimalipira mbali yaikulu ya okonza. Kuyambira pa 1 Ogasiti 2021 zombo zikuluzikulu za alendo zidaletsedwa kudutsa kutsogolo kwa bwalo, ndipo pa 25 Epulo 2024 mzinda udayamba kulipiritsa ma euro 5 kwa obwera tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa. Ngati izi zikuchepetsadi khamu, anthu a mu mzindawo sagwirizana. Palinso funso la okhulupirira eni ake: anthu okhala pakati pa mzinda wakale adatsika kuchoka pa oposa 170,000 kumayambiriro a zaka za m'ma 1950 kufika pansi pa 50,000, ndiye Misa ya m'katedraloyi ikuchitikira ndani?

Lomaliza ndi la umwini. Ena amati zomwe zidatengedwa mu 828 ndi mu 1204 zakhala ku Venice nthawi yaitali kotero kuti ndi mbali ya nyumbayo, ndipo kuzichotsa nkugumula chinthu china chakale. Ena amati kutalika kwa nthawi sikusintha njira yomwe chinthu chidachokera kwao. Ovuta ndi akavalo: ufumu womwe adalandidwa kulibenso, mzinda wake uli m'dziko la Turkey, olowa m'malo a chikhulupiriro chake ambiri ndi Agiriki, ndipo akavalowo ayenera kuti adafika ku Constantinople kuchokera kwinanso.